M'mene Otsatsa Mafilimu Oopsa Amatiseweretsera Mtima

(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa ophunzira akale)

 Ndinapemphedwa kuti ndikambepo za kafilimu kakafupi kamene kamatsatsira filimu yoopsa, kaja timangoti trailer. Ntchito yake ndi yovuta ndithu. M'mphindi zochepa kayenera kukuopsezani mpaka mukagule tikiti, koma kasakuonetseni chimene mukalipirire.

Luso lalikulu ndi kubisa. Mu 1960, potsatsa filimu ya Psycho, Alfred Hitchcock anangoyendayenda yekha kwa mphindi zoposa 6 m'nyumba ndi mu motelo ya m'nkhaniyo, akuloza uku ndi uku ngati munthu wogulitsa nyumba. Atafika pa makwerero anayamba kufotokoza zimene zinachitikira pamenepo, koma anasiyira panjira ngati kuti n'zosaneneka. Pomaliza analowa m'bafa n'kukoka nsalu, ndipo mkazi anakuwa. Chodabwitsa n'chakuti mkaziyo sanali Janet Leigh amene amaphedwa m'bafamo mufilimu, koma Vera Miles atavala tsitsi loikirira.

Stanley Kubrick, potsatsa The Shining ya mu 1980, anabisa koposa apa. Kamera siisuntha, ingoyang'ana zitseko za chikepe mu hotelo. Palibe woyankhula. Mukudikira, mukudikirabe, kenaka magazi akusefukira ngati mtsinje nthawi ya dzinja, kukokolola mipando mpaka kuphimba kamera. Ine ndimaona kuti palibe ina yoposa imeneyi, chifukwa mantha onse ali m'kudikirako.

Khutu nalo amalisamala. Trailer ya Alien ya mu 1979 ilibe mawu a munthu ngakhale amodzi. Muli dzira likusweka ndi kulira kosautsa kumene kumangokwererakwerera. Zithunzi zimayamba zazitali, kenaka zimafupika, mdima ukulowerera pakati, mpaka mtima wanu uyambe kugunda motsatira liwirolo. Ena sanavutike n'komwe kuonetsa zambiri: a Paranormal Activity mu 2009 anajambula anthu oonerera ali mu mdima, akudzidzimuka ndi kugwirana. Paja mantha ndi opatsirana. Amene munkagona ku hositelo mukudziwa zimene zinkachitika mmodzi akakuwa usiku.

Njira imene sindiikonda ndi yongodzidzimutsa: bata pang'ono, kenaka chinkhope ndi chiphokoso. Imeneyo ngakhale mwana wobisala kuseri kwa chitseko amaitha. Mu 2018 YouTube inachotsa malonda a masekondi 6 a filimu ya The Nun. Ankaonetsa chizindikiro cha mawu a foni chikutsika, munthu n'kumaganiza kuti foni yake yavuta, kenaka nkhope yoopsa n'kutulukira ikukuwa. Opita ku sinema amakhala atasankha okha kukaopsezedwa, koma malonda amenewa ankangotulukira munthu akufuna kuonera zina, ndipo mafoni omwewo ndi amene timabwereka ana ndi adzukulu athu madzulo.