Chingerezi cha pa Malonda Chikhale Cholunjika



Kuyambira chaka cha 1968, pamene Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chakhalabe chiyankhulo cha m'maofesi ndi cha malonda a kunja. Fodya wogulitsidwa ku Kanengo, tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zonsezi zimatuluka m'dziko muno ndi mapepala olembedwa m'Chingerezi. Motero mkulu wa kampani amene amasaina mapepalawo asanamvetse liu lililonse akuika pachiswe ndalama za kampani pamodzi ndi thukuta la alimi amene analima mbewuzo.

Pali maganizo amene anazika mizu pakati pa anthu ophunzira, akuti wodziŵa Chingerezi ndi uyo amene amatchula mau ataliatali ndi kupinda lilime ngati wobadwira ku London. Chingerezi chotere chimaombetsa m'manja pa ukwati, koma pa malonda chimangosokoneza. Ogula ambiri sali Angerezi konse. Ena ndi a ku China, ena a ku Germany kapena ku Egypt, ndipo anthu a pa doko la Beira ndi la Nacala amagwira ntchito zao m'Chipwitikizi. Onseŵa Chingerezi anachiphunzira kusukulu monga Mmalaŵi aliyense. Chimene amafuna ndi chiganizo chachifupi chonena mtengo, kulemera kwa katundu ndi tsiku limene adzafike.

Mau amene amaluzitsa ndalama kaŵirikaŵiri amakhala aang'ono. Bungwe la International Chamber of Commerce, limene likulu lake lili ku Paris, linakhazikitsa mu 1936 malamulo otchedwa Incoterms, ndipo linawakonzanso komaliza mu 2020. Wogulitsa akalemba FOB Beira, udindo wake umatha katundu akakwezedwa m'sitima pa Beira. Akalemba CIF Rotterdam, walonjeza kulipira sitima ndi inshuwalansi mpaka ku Rotterdam. Zilembo ndi zitatu zokha, koma wozisinthanitsa akhoza kutaya phindu lonse la malondawo.

N'chimodzimodzi ndi miyeso ndi masiku. Tani ya ku Amereka imalemera makilogalamu 907, pamene tani yozoloŵereka kuno ndi makilogalamu 1,000. Pa matani 100, kusiyana kwake kumaposa makilogalamu 9,000. Tsiku lolembedwa 03/04 kwa Mngerezi ndi pa 3 April, koma kwa Mmereka ndi pa 4 March. Mankhwala ake n'ngosavuta: mwezi ulembedwe ndi dzina lake, kulemera kulembedwe m'makilogalamu. Ndipo pa malonda olipiridwa kudzera mu letter of credit, banki siona matumba kapena mabelo, imaona mapepala okha. Dzina la doko likalembedwa mosiyana pa mapepala aŵiri, banki ikhoza kukana kulipira ngakhale katunduyo ali bwinobwino.

Vuto lina limachokera ku ulemu, chinthu chimene Amalaŵi amatamandidwa nacho. Munthu wolemekezeka amachita manyazi kuuza mlendo kuti abwerezenso, choncho amangogwedeza mutu ndi kuvomera, pamene mlendoyo akuganiza kuti pangano latheka. Enanso pofuna kukana mwaulemu amati adzaona, wogula n'kudikira yankho mwezi wathunthu. Akale anati safunsa anadya phula. Kupempha mlendo kuti ayankhule pang'onopang'ono sikuchotsa ulemu wa bwana, ndipo amalonda ozoloŵera amatero tsiku ndi tsiku popanda manyazi.

Tsono mkulu wa kampani aziŵerenga yekha pangano lonse, osangolisiyira mlembi kapena loya. Zimene zagwirizanidwa pa foni kapena pa msonkhano wa pa intaneti zilembedwe tsiku lomwelo m'kalata yaifupi yopita kwa wogula, kuti ngati pali kusamvana kuoneke katundu asanakwere lole. Asanapite kukakambirana za mitengo, ayambe wayeserera pamaso pa anzake a muofesi, ndipo wamng'ono amene waona cholakwa aloledwe kuchinena mosaopa kudzudzulidwa. Makampani ambiri amatumiza achinyamata okha ku maphunziro a chiyankhulo, chonsecho amene amasaina mapangano ndi akuluakulu, ndipo ndiwo ayenera kuyamba kulembetsa maina ao.