Thumba la Madzi pa Impso: Kodi Limabweranso?

Anthu ambiri amene apitirira zaka 50 ali ndi kathumba ka madzi pa impso, koma iwo eni sadziwa. Kathumbako kamaoneka mwangozi, pamene adotolo alikuyang'ana m'mimba ndi makina a ultrasound cifukwa ca nthenda yina. Munthu akamva mau akuti cotupa mtima umamgunda, nayamba kuganiza za kansa. Koma m'caka ca 1986 dotolo wa ku New York, Morton Bosniak, anaika matumba a pa impso m'magulu, ndipo gulu loyamba ndilo la thumba wamba, la khungu lopyapyala ndi madzi okhaokha m'kati. Thumba lotere si kansa, ndipo likakhala losapweteka adotolo amangolisiya. Lisiyananso ndi nthenda ya kumtundu imene imadzaza impso zonse ziwiri ndi matumba ambirimbiri.

Thumba likakula kufikira kupweteka m'nthiti kapena kutsekereza njira ya mkodzo, pali njira zitatu zocizira popanda kung'amba bala lalikuru. Ubwino wa njira iri yonse umadziwika patapita zaka, osati pa tsiku lotuluka m'cipatala.

Njira yoyamba ndiyo kulasa thumba ndi singano ndi kucotsa madzi. Wodwala amapepukidwa msanga, koma kawirikawiri thumba limadzalanso patangopita miyezi, popeza khungu la m'kati mwace ndilo limatulutsa madziwo. Anthu a pa mgodi wa Konkola adziwa bwino kuti madzi opopedwa lero amabweranso mawa ngati kasupe wace sanatsekedwe.

Njira yaciwiri iyesa kutseka kasupeyo. Atacotsa madzi, adotolo amathira m'thumbamo mankhwala aukali, makamaka ethanol, kuti aoce khungu lija, kenaka nawacotsanso. Njirayi inalembedwa m'mabuku a madotolo m'caka ca 1981. Wodwala sagonekedwa tulo, ndipo amabwerera kwao tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Ambiri amakhala zaka osamva kuwawa, ngakhale kuti thumba lalikuru nthawi zina lifuna kuthiridwa mankhwala kawiri kapena katatu, ndipo ena limawabwerera ndithu. Ethanol ameneyu amalowa m'thumba mokha; kumwa kacasu sikuciza impso konse.

Njira yacitatu, imene inayamba kufala ca m'ma 1990, ndiyo kuboola timabala titatu kapena tinai pamimba, kulowetsa kamera yaing'ono, ndi kudula denga la thumba. Pamenepa wodwala amagonekedwa tulo nakhala m'cipatala masiku owerengeka. Koma njira iyi ndiyo yokhalitsa koposa: mwa anthu 10 ocizidwa cotere, 9 kapena kuposerapo saonanso bvutolo ngakhale patapita zaka.

Pali cinthu cimodzi coyenera kucikumbukira amuna ogwira nchito yolemetsa. Msana wowawa cifukwa ca fosholo suleka kuwawa thumba litacotsedwa. Ncifukwa cace adotolo ena amayamba acotsa madzi ndi singano, kuti aone ngati kuwawa kuleka. Kukapanda kuleka, nthenda iri pena.

Tsono munthu wouzidwa kuti ali ndi thumba pa impso afunse adotolo mafunso awiri: kodi thumbalo ndi la gulu loyamba, ndipo kodi ndilodi likumpweteka? Ndipo wocizidwa kale abwerere ku cipatala pa tsiku limene anamuuza, kuti makina aonetse ngati kasupe uja anaumadi.