Ndulu, Mpeni ndi Loboti

Mayi wa ku Chinsapo akadya chakudya chamafuta madzulo, nadzuka pakati pa usiku ndi ululu wolasa pansi pa nthiti za kumanja, kawirikawiri amati ndi zilonda za m'mimba. Koma nthawi zina gwero la ululuwo limakhala timiyala ta m'ndulu.

Ndulu ndi kathumba kokhala pansi pa chiwindi, kamene aliyense wotumbula nkhuku amakachotsa mosamala. Kamasunga madzi owawa othandiza kugaya mafuta. Madziwo akaundana amasanduka timiyala, ndipo kamwala kamodzi kakatseka njira, ululu umayamba. Chithandizo chodalirika ndicho kuchotsa kathumbako. Chiwindi chimapitiriza kupanga madziwo, ndipo munthu amakhala ndi moyo wabwino ndithu.

Woyamba kuchotsa ndulu anali Carl Langenbuch wa ku Berlin, m'chaka cha 1882, ndipo anachita kung'amba pamimba. Kwa zaka zoposa 100 njira inali yomweyo: bala lalitali ndi masiku ambiri m'chipatala. M'chaka cha 1985 Erich Mühe, wa ku Germany komweko, anayamba njira ya timabowo. Lero dokotala amaboola timabowo titatu kapena tinayi, nafufumitsa mimba ndi mpweya, nalowetsamo kakamera ndi zida zazitali zopyapyala. Wodwala amatuluka pakapita tsiku limodzi kapena awiri.

Tsono kunadza loboti, osati uja wa pamsewu, koma makina a mikono yogwira zida zomwezo. Dokotala amakhala pampando chapatali pang'ono, akuona m'mimba mwa wodwala pagalasi, ndipo makinawo amatsata zala zake popanda kunjenjemera. Ndulu yoyamba kuchotsedwa motere inali ku Belgium mu 1997. Pa 7 September 2001, Jacques Marescaux, ali ku New York, anachotsa ndulu ya mayi wogona ku Strasbourg, tsidya lina la nyanja. Ku South Africa makina otchedwa da Vinci anayamba ntchito ku Pretoria mu 2013.

Komabe loboti saganiza. Nzeru ndi luso ndi za dokotala. Makinawo ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo pa ndulu dokotala waluso wa njira ya timabowo amachita bwino chimodzimodzi popanda loboti.

Chotero chimene chimapulumutsa mayi wa ku Chinsapo uja si makina ayi, koma kufulumira. Ululu ukamabwerezabwereza, pamodzi ndi kusanza, kutentha thupi kapena chikasu m'maso, ayenera kupita kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku Kamuzu Central Hospital. Makina ounikira m'mimba amaonetsa timiyalato popanda kupweteka. Wofika msanga amapeza ntchito ya dokotala ili yopepuka. Wozengereza amafika ndulu itatupa ndi mafinya, ndipo pamenepo, ngakhale kumene kuli loboti, dokotala angakakamizike kubwerera ku bala lalitali lija la Langenbuch.