Tayala likakana kukhala pa limu, musalikakamize ndi mpweya kapena moto

Awa ndi mawu amene mmodzi wa anthu ongodzipereka pano pa Luwani adayankhula kwa oyendetsa njinga zamoto ndi okonza matayala. Tawasindikiza kuti amene sadabwere awerenge.

 Ndikudziwa kuti njinga ikaima ndalama nayonso yaima, choncho ndilunjika pa nkhani.

Nkhani yanga ndi ya tayala la njinga yamoto limene lalowa kale pa limu koma likukana kukhala bwino. Mwapopa, mbali ina yatuluka, mbali ina yatsalira mkati. Aliyense amene adasinthapo tayala amaidziwa nthawi imeneyi. Thukuta lili kamukamu, kasitomala akudikira, mnzanu wina akuti "onjezera mpweya," winanso akuti "bweretsa petulo ndi machesi." Ndabwera kudzanena kuti malangizo awiri onsewa akhoza kukupundulani. Chimene chimakhazika tayala ndi zinthu zitatu zosavuta kupeza: limu yoyera, madzi a sopo ndi kudekha.

Mwina ena mukufunsa kuti ntchitoyi ndidaiphunzira kuti. Makolo anga adachoka ku Tete pa nkhondo imene idatha mu 1992 ija, n'kukapeza ntchito pa famu ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Marondera ku Zimbabwe, pa msewu wochokera ku Harare kupita ku Mutare. M'makomboni a kumeneko Chichewa chinkamveka ngati kwathu konkuno, chifukwa antchito ambiri anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Nditamaliza Fomu 4 ndidalowa ntchito mu wekishopu ya pafamupo, pansi pa bambo wina wachikulire wochokera ku Ntcheu. Akapitawo ankayendera minda pa njinga zamoto, ndipo zitsa ndi minga sizinkalola kuti sabata ithe osasula tayala. Zimene ndikuuzeni lero ndidazitenga kwa bambo ameneyo ndi m'manja mwangamu.

Tiyambe ndi kudziwa chimene tikulimbana nacho. M'mphepete mwa tayala, mbali zonse ziwiri, muli mkombero wolimba umene ine ndimautcha mlomo wa tayala. Kunja mukuona mphira, koma mkati mwake muli mawaya achitsulo opotedwa pamodzi. Mawayawo satamuka. Akatamuka ndiye kuti aduka, ndipo tayalalo latha ntchito. Tsopano yang'anani limu. Pakati pake pali ngalande yozama, ndipo uku ndi uku kuli timakonde tiwiri tokwera. Poveka tayala, mlomo umayamba watsikira m'ngalandemo kuti mbali inayo ithe kudumpha limu. Mukapopa, mpweya umaukankha kuchoka m'ngalande kukakhala pa khonde lake. Tikamati tayala lakhala, tikunena zimenezo.

Mudziwa bwanji kuti lakhala? Opanga matayala adaika kamzere kakang'ono kozungulira tayala lonse, pafupi ndi mlomo. Zunguzani gudumu pang'onopang'ono mukuyang'ana kamzereko, mbali zonse ziwiri. Kayenera kuoneka mofanana kuzungulira konse. Pamene kamira mkati mwa limu, pamenepo mlomo sunakwere. Musakwere njinga yotero poganiza kuti likhala lokha panjira. Gudumu limadumphadumpha, chiwongolero chimanjenjemera, tayala limadyeka mbali imodzi, ndipo chubu chikhoza kupanidwa n'kuphulika muli pa liwiro. Kumbukirani amene mumawanyamula kumbuyo kwanu. Lero ndi thumba la ufa, mawa ndi mayi woyembekezera amene mukuthamangira naye ku chipatala usiku.

Tayala silikana popanda chifukwa. Ntchito yanu ndi kupeza chifukwacho.

Choyamba, onani ngati tayalalo ndi la limu imeneyo. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala monga 2.75-17 kapena 3.00-18. Nambala yomalizayo ndi kukula kwa limu m'mainchi. Tayala la 17 silingakhale pa limu ya 18, ndipo la 18 silingagwire pa limu ya 17, ngakhale mupope mpaka mawa. Pa limu paponso pamadindidwa nambala yake. Werengani zonse ziwiri musanapereke ndalama kwa wogulitsa. Onaninso ngati pali kamuvi kosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira, kuti musagwire ntchito kawiri. Pa matayala ambiri palinso manambala anayi onena nthawi imene lidapangidwa: 2315 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2015. Tayala lokhalitsa limauma ngati chikopa, ndipo limavuta kukhala ngakhale lisanayendepo.

Chachiwiri ndi limu yakuda. Dzimbiri, matope ouma ndi zidutswa za mphira wa tayala lakale zimagwira mlomo ngati minga. Palani timakonde tija ndi bulashi yawaya kapena sandipepa mpaka chala chizitsetsereka, kenako pukutani ndi nsanza. Ngati gudumu lanu ndi la masipoko, onani lamba wa mphira amene amaphimba mitu ya masipoko. Akasuntha n'kukwera pa khonde, amatchinga njira ya mlomo. Mubwezereni pakati.

Chachitatu ndi kuzizira ndi kupindika. Ku Marondera ndi kumtunda, ndipo mu June ndi July m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Tayala logona pa simenti usiku wonse linkadzuka louma gwa. Bambo wa ku Ntcheu uja sankalola kuti tiligwire m'mawa. Ankaligoneka pa lata padzuwa, ife n'kumagwira ntchito zina, ndipo pofika chakumasana linkalowa ngati lathiridwa mankhwala. Kuno ku Neno dzuwa tili nalo lambiri, ndipo ndi laulere. Matayala atsopano ambiri amabweranso atamangidwa mtolo, milomo yake itapanikizana. Ikani timatabwa tinayi mkati kuti titsegule milomoyo, muligoneke padzuwa kwa ola limodzi. Padzuwa ndanena, osati pafupi ndi mbaula.

Chachinayi ndi kuuma. Mphira wouma sutsetsereka pa chitsulo chouma. Sungunulani kachidutswa ka sopo wamba m'madzi pang'ono, mupake mlomo wonse mbali zonse ziwiri, mupakenso pa limu. Musagwiritse ntchito oyilo, girizi, palafini kapena mafuta a mabuleki. Zimenezi zimadya mphira, komanso siziuma. Tsiku limene mudzaponde buleki mwamphamvu, tayala lidzazungulira pa limu n'kuzula valuvu ya chubu, mpweya wonse n'kutha nthawi imodzi. Ubwino wa sopo ndi woti akamaliza ntchito yake amauma, tayala n'kugwira.

Chachisanu ndi chubu chopanidwa. Njinga zambiri zimene tili nazo kuno ndi za chubu. Musanachilowetse, chipopeni pang'ono kuti chingotenga maonekedwe ake, chisakhale chopindika ngati nsanza. Mukamaliza kuveka tayala, musamange nati ya valuvu. Kankhirani valuvuyo mkati ndi chala kuti tsinde lake lichoke pansi pa mlomo, chifukwa tayala limakonda kukanira pomwepo. Kenako finyani tayala kuzungulira konse mukusuzumira ngati chubu sichikuonekera pakati pa mlomo ndi limu.

Mukachita zonsezi, popani. Apa ndi pamene ndikupempha kuti mutchere khutu. Makampani akuluakulu opanga matayala a njinga zamoto amachenjeza kuti pokhazika mlomo musapitirire 40 psi, kapena kuti 2.8 bar pa geji zolembedwa mwa njira inayo. Nambala imeneyi ikuoneka yochepa, koma tiyeni tiwerengere limodzi. Mpweya wa 40 psi umakankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.8 pa kamalo kofanana ndi chikhadabo cha chala chanu. Pa malo aakulu ngati dzanja la munthu wamkulu, mphamvuyo imafika makilogalamu 280, kuposa matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50. Tsono ganizirani tayala lonse. Mlomo ukaduka kapena limu yowola ndi dzimbiri ikang'ambika, mphamvu yonseyo imatulukira kumene kuli nkhope yanu.

Geji ikafika pa 40 kamzere kaja kasanatuluke, imani. Tulutsani mpweya wonse. Kankhirani mlomo m'ngalande pamalo pokanapo, pakaninso sopo, dindani gudumu pansi kangapo mukulizunguza, popaninso. Nthawi zambiri limakhala ulendo wachiwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Likakhala, tsitsani mpweya kufika pa mlingo woyendera umene udalembedwa pa kapepala komatidwa pa njinga yanu, kawirikawiri pafupi ndi tcheni. Pa njinga zing'onozing'ono zathuzi mlingowo kawirikawiri umakhala pansi pa 40.

Ena muli ndi njinga za malimu opanda masipoko, zimene matayala ake sakhala ndi chubu. Vuto la amenewa ndi lina: mpweya umathawira pampata wa pakati pa mlomo ndi limu usanayambe kukankha. Chotsani kapini ka mkati mwa valuvu kuti mpweya ulowe wambiri nthawi imodzi. Zunguzani lamba kapena chingwe cholimba pamsana pa tayala, mumange mpaka milomo itambasukire ku limu. Mpweya ukangoyamba kugwira, masulani lambayo nthawi yomweyo, musadikire kuti tayala lilimbe. Mudzamva "phwa" kawiri, kamodzi mbali iliyonse. Pamenepo bwezerani kapini kaja, popani mlingo woyendera, thirani madzi a sopo m'mphepete kuti muone ngati pakutuluka thovu. Ndinene zoona, pampu ya njinga yakapalasa nthawi zambiri siikwanitsa ntchito imeneyi. Kuli bwino kunyamula gudumu kupita kumene kuli kompuresa, koma kumenekonso malire ndi 40 omwewo, ndipo geji muziiyang'ana nokha.

Popopa, zala zisakhale pakati pa tayala ndi limu, chifukwa mlomo ukamadumphira pa khonde umatha kuphwanya chala. Musaweramire gudumu, musalikhalire, musaliike pakati pa miyendo. Liimikeni patali ndi thupi, inu muime chakumbali. Ana athu amakonda kuunjikana pamene pakukonzedwa njinga. Auzeni apite kutali musanagwire pampu.

Tsopano za moto. Kuyambira chaka cha 2000 mafamu ambiri a ku Marondera adasintha eni, ndipo antchito ambiri adabalalika. Mawekishopu adatsekedwa, makompuresa adasowa, koma njinga zidatsala ndipo matayala ankaphulikabe. Apa ndi pamene ndidayamba kuona anyamata akuthira petulo mkati mwa tayala n'kuponyamo machesi. Limalira ngati mfuti, nthawi zina n'kukhaladi, anthu n'kuwomba m'manja. Mnyamata wina wa pa komboni yoyandikana ndi yathu adachita zimenezi kangapo zikumuyendera. Tsiku lina petulo adachuluka, moto udagwira chigubu chimene chidali pambali pake, ndipo adapsa manja ndi kumaso. Adachira, koma zala zake sizidathenso kugwira sipanala, ndipo anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda.

Chimene chimaopsa pa njira imeneyi ndi choti palibe geji imene ingayeze kuphulika. Simudziwa ngati mwapereka 30 kapena 100. Ngakhale tayala likhale, mawaya ndi ulusi wa mkati zikhoza kukhala zitavulala mosaoneka, n'kudzakutayani panjira patatha sabata. Ndipo taonani mmene tikukhalira pano. Chichokereni ku Kapise mu 2016 tili moyandikana, malona ndi udzu zili paliponse, madzi ndi okatunga ku mjigo. Moto wa munthu mmodzi sungathere pakhomo pake pokha. Tidathawa kwathu nyumba zikupsa, tisadzawotche tokha zimene tamanga kuno chifukwa cha tayala. Mukaona mavidiyo a zimenezi pa foni, kumbukirani kuti amene zidawakanika sajambulitsa.

Pali nthawinso yovomereza kuti tayala ili silikhala. Ngati mwayesa katatu, limu ndi yoyera, sopo mwapaka, manambala akugwirizana, koma likukanira malo omwewo, lichotseni muliyang'ane. Yendetsani chala pa mlomo wonse. Mukamva popindika, pofewa kapena waya wotuluka, tayalalo lidavulazidwa ndi zitsulo zokanulira, ndipo izi zimachitika kwambiri ndi matayala ogwiritsidwapo kale ntchito. Libwezeni kwa amene adakugulitsani. Zunguzaninso limu yokha. Ngati idapindika pa mwala kapena m'dzenje, vuto si tayala, ndipo mpweya sungaiwongole. Ndikudziwa kuti ndalama ya tayala lina ndi yowawa kwa munthu amene akudalira chakudya cholandira. Koma tayala mukhoza kuligula mwezi wamawa, pamene diso ndi dzanja sizigulitsidwa pamsika uliwonse.

Pomaliza ndili ndi mapempho awiri. Inu a kabaza, sonkhani pang'onopang'ono mugule geji imodzi ndi pampu yopondera imodzi, zizikhala kwa munthu mmodzi wodziwika pa siteji. Kufinya tayala ndi chala si muyeso. Inu amayi ndi abambo amene mumakwera njingazi, muli ndi ufulu woyang'ana gudumu musanakwere. Mukaona likugwedera, kapena mukaona wina watenga botolo la petulo pafupi ndi tayala, yankhulani, musaope kuti akunenani.

Amene ali ndi gudumu lovuta abwere nalo tikatha pano, tiligwire limodzi poyera kuti aliyense aone ndi maso. Sopo ndabwera naye.