Bwenzi la Binetou anali bambo a mnzake: zomwe ndinayankhula pa tsiku la mabuku

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye sindizungulira. Ndichenjezeretu kuti ndiulula zina za m'bukuli. Amene simunawerenge mundikhululukire, koma mukaliwerengabe.

Buku lomwe ndinasankha ndi So Long a Letter, lolembedwa ndi mayi wa ku Senegal, Mariama Bâ. Linatuluka koyamba m'Chifalansa mu 1979, ndipo mu 1980 linapata mphoto ya Noma. Mayiwa anamwalira mu 1981. Ndi kabuku kopyapyala, masiku awiri mwamaliza. Buku lonse ndi kalata imodzi yomwe Ramatoulaye, mphunzitsi wa mumzinda wa Dakar, akulembera mnzake wapamtima Aissatou. Akuilemba ali m'nyumba, pa nthawi yolira mwamuna wake Modou Fall, yomwe m'Chisilamu ndi miyezi inayi ndi masiku khumi.

Nkhani yake ili motere. Ramatoulaye ndi Modou anakwatirana chifukwa chokondana, ngakhale mayi a Ramatoulaye sankamufuna mnyamatayo. Anakhala m'banja zaka 25, ana 12. Mwana wawo woyamba, Daba, anali ndi mnzake wa kusukulu dzina lake Binetou, wochokera m'banja losauka, yemwe ankabwera kunyumbako kudzawerenga pokonzekera mayeso omaliza a ku sekondale. Kukada, a Modou ankadzipereka kukamutula mtsikanayo pa galimoto. Palibe ankakayikira. Si bambo a mnzake kodi?

Kenako Binetou anayamba kutchena madiresi odula. Anamuuza Daba akuseka kuti pali mdala wina amene akumugulira, chidyamakanda monga timanenera kuno. Daba anakawauza mayi ake. Patapita nthawi, nkhani inasintha: mdalayo akufuna ukwati, walonjeza nyumba, galimoto, ndalama za mwezi ndi mwezi, ndi ulendo wa ku Mecca wa makolo a mtsikanayo. Ramatoulaye anamulangiza Daba kuti amuuze mnzake akane, asataye sukulu chifukwa cha nkhalamba. Tangoganizani, anzanga. Mayi akupereka malangizo achikondi pa chibwenzi cha mwamuna wake yemwe, iye osadziwa.

Tsiku lina Lamulungu, Modou anatuluka m'mawa nkunena kuti asamudikire pa chakudya cha masana. Madzulo kunafika amuna atatu atavala bwino: Tamsir mkulu wake wa Modou, Mawdo mnzake wapamtima, ndi Imamu wa m'deralo. Anabwera kudzanena kuti Modou wakwatira mkazi wachiwiri tsiku lomwelo. Ramatoulaye anamwetulira, anawathokoza, anawapatsa chakumwa, mumtima mukuwira. Atafika apa ndinatseka kaye buku, ndinapita kukamwa madzi.

Tisasokoneze zinthu. Chipembedzo cha Ramatoulaye chimalola mitala, ndipo iye ndi Msilamu wopemphera mpaka kumapeto kwa buku. Anali wokonzeka kugawana mwamuna ndi mnzake monga mwa lamulo. Chomwe chinamuswa mtima ndi kubisa kuja, komanso kuti Modou sanabwererenso. Anasiya mkazi ndi ana 12, osasudzula, osathandiza, mpaka imfa yake patapita zaka zisanu.

Chinthu choyamba chomwe chinandigwira n'chakuti chinyengo sichiyenda chokha. Modou sakanakwanitsa yekha. Panali mnzake wodziwa, mkulu wake wodziwa, mayi a Binetou okankha mwana wawo ndi misozi kuti avomere. Ndiye ndinadzifunsa: ine ndakhalapo Mawdo kangati? Ndinene zoona pamaso panu. Ndinasungapo chinsinsi cha mnzanga wina yemwe anali ndi zibwenzi ziwiri. Mmodzi akandiimbira kufunsa komwe ali, ndinkayankha kuti foni yake yazima, ali ku mpira. Ndinkati ndi ufulu wake, za eni sindilowerera. Koma bodzalo linkatuluka m'kamwa mwanga. Tsiku lomwe zinaululika, mtsikanayo sanandikalipire, anangondiyang'ana. Mpaka lero tikakumana moni wake ndi wa patali, ndipo sindimuimba mlandu.

Chachiwiri ndi Binetou. Poyamba ndinamuda, ndinati kamtsikana kopanda manyazi. Nditapitiriza kuwerenga ndinaona kuti naye anapusitsidwa. Modou anamuchotsa pa sukulu mayeso ali pafupi, nkumamupatsa ma franc 50,000 pa mwezi ngati malipiro. Anamugulira magalimoto a Alfa Romeo ndi nyumba. Koma Modou atamwalira, abale atakhala pansi kuwerengera chuma, anapeza ngongole zokhazokha. Nyumba ya Binetou inagulidwa ndi ngongole ya ku banki, chikole chake chili nyumba yomwe Ramatoulaye anathandiza kulipira ndi malipiro ake a uphunzitsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Binetou anatsala mkazi wamasiye ali wamng'ono, satifiketi alibe, anzake a m'kalasi atapita patsogolo. Asisi anga, ndi inunso achimwene chifukwa masiku ano zimachitikira onse, munthu akakupatsa ndalama nkukuuza kuti usauze aliyense, dzifunse kuti chinsinsicho chikuteteza ndani. Kawirikawiri si iwe.

Chachitatu ndi funso lomwe tingakangane mpaka kuda: ukapusitsidwa, uchoke kapena ukhale? Bukuli lili ndi amayi awiri, njira ziwiri. Aissatou nayenso zinamuchitikira. Mwamuna wake, Mawdo yemwe uja, anakwatira kamtsikana kotchedwa Nabou pomvera mayi ake, omwe sankafuna mpongozi wochokera ku banja la osula golide. Aissatou anasiya kalata, anatenga ana ake aamuna anayi, anapita kukaphunzira, mpaka anapeza ntchito ku ofesi ya kazembe wa Senegal ku America. Ramatoulaye anakhala, ngakhale Daba ankamuumiriza kuti achite ngati Aissatou. Ine ndikanakonda akanachoka, sindibisa. Koma taonani: Aissatou sanamunyoze mnzake kuti ndi wopusa. Atamva kuti akuvutika m'mabasi ndi ana, anamugulira galimoto. Ifeyo mnzathu akasweka mtima timachita chiyani? Timajambula mauthenga ake nkutumiza pa gulu la WhatsApp, eti? Timamuuza kuti tinakuuza kale. Ubwenzi wa amayi awiriwa unandichititsa manyazi.

Ndipo kukhala kwa Ramatoulaye sikunali kugona. Tamsir atabwera kuti amulowe chokolo, anamukana pamaso pa anthu, mawu omwe anasunga zaka zambiri anatuluka onse. Kenako kunabwera Daouda Dieng, dokotala komanso phungu wa nyumba ya malamulo, yemwe anamufunsirapo ali mtsikana. Munthu wabwino, wa ndalama, wokonzeka kusamala ana. Anamukananso, chifukwa mtima wake sunali pamenepo, komanso sanafune kuti mkazi wa Daouda alire misozi yomwe iye analira. Apa ndi pomwe ndinamuvulira chipewa. Ambiri a ife tikasiyidwa timathamangira chibwenzi china kuti yemwe uja aone, ndipo wovulala amakhala munthu wachitatu wosalakwa.

Ndiye ndikupempha zinthu ziwiri basi. Ngati pano pali wina amene akusungira mnzake bodza ngati ndinkachitira ine, sabata ino mukamuuze kuti dzina lanu alichotsemo. Simukuyenera kukamuneneza, koma lekani kumunamira. Ndipo ngati pali mnzathu amene wayamba kulandira mphatso zomwe sakufuna kunena komwe zikuchokera, tisamuseke, tisamutchule mayina. Tikhale naye pansi timufunse za sukulu ndi za kunyumba, chifukwa Binetou anakankhidwa ndi umphawi wa kwawo.

Buku ndalisiya kwa mlembi wathu. Lembetsani mayina, aliyense masiku atatu, ndipo chonde musapinde masamba. Mwezi wamawa ndikufuna kumva amene akuti Ramatoulaye analakwa kukhala.