Mwambo wa M'kalasi ndi Liwiro la Phunziro

 Madzulo ano tikambirane za phokoso la ana m'kalasi. Ambiri amati mankhwala ake ndi ukali, koma kawirikawiri phokoso limabadwa m'kayendedwe ka phunziro lenilenilo.

M'chaka cha 1970 Jacob Kounin wa ku America anafalitsa zimene anapeza atajambula makalasi ambiri pa kanema. Iye anaona kuti aphunzitsi okhoza ndi olephera sasiyana kwenikweni pa kadzudzulidwe ka mwana wolakwa. Amasiyana pa ichi: wokhoza amaona zonse zochitika m'chipindamo, ndipo salola phunziro kuima pamene akuchoka pa ntchito ina kupita pa inzake.

Taganizirani phunziro la masamu la mphindi 30. Mphunzitsi walowa, ayamba kufunafuna choko, kenaka afulatira ana nalemba pa bolodi kwa mphindi 5. Mwana wosowa chochita adzipezera yekha ntchito, ndiyo kutsina mnzake. Mphunzitsi acheuka, akalipa, ndipo mphindi zina 5 zatha. Gawo limodzi mwa magawo atatu a phunziro latayika. Tsono pofuna kumaliza belu lisanalire, athamangitsa zotsalazo. Ana ochedwa kumva atsalira, ndipo wotsalira nayenso ayamba kusewera. Mwaona kuti kuchedwa kunabala phokoso, phokoso linabala kuthamanga, ndipo kuthamangako kunabalanso phokoso.

Nkhaniyi imakula kumene ana achuluka. Pamene Malawi inachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana a sukulu anakwera kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. M'kalasi lodzaza chotero, kugawa makope mmodzimmodzi kungathe kudya phunziro lathunthu. Nchifukwa chake mwambo ufunika: mzere uliwonse ukhale ndi wogawa makope, chizindikiro choti onse akhale chete chikhale chimodzi chodziwika, ndipo ntchito yoyamba ilembedwe pa bolodi ana asanalowe. Mwambo wotere umasunga nthawi.

Koma musayese kuti liwiro labwino ndilo kufulumira. Mary Budd Rowe anasonyeza mu 1972 kuti aphunzitsi ambiri, akafunsa funso, amadikira sekondi imodzi yokha. Pamene anadikira masekondi 3 kapena kuposa, mayankho anatalika ndipo ana ambiri anayesa kuyankha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu kudikira kotere kumatheka m'kalasi lokhalo limene linazolowera kukweza dzanja, osati kufuula.

Tsono mawa, aphunzitsi, werengani mphindi zimene zimapita kuyambira pamene mwalowa kufikira mwana womaliza atayamba kulemba. Zikapitirira 3, yambani mwakonza pamenepo musanakweze mawu. Tsalani bwino.