Liwu Lililonse Lili ndi Kwawo: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Mphoto za Mpikisano wa Chingerezi



Mwambo uno ndi wa Chingerezi, koma ndapempha Mayi Mphunzitsi Wamkulu kuti andilole kulankhula Chichewa. Makolo amene agulitsa mtedza ndi nkhuku kuti fizi ipezeke ayenera kumva zimene ana awo akuuzidwa. Komanso nkhani imene ndabwera nayo ikufuna ziyankhulo zonse ziwiri zikhale pamkeka umodzi.

Ine ndakalambira pa ntchito yomasulira m'khoti. Kumeneko zonse zimalembedwa m'Chingerezi, pamene woimbidwa mlandu ndi mboni nthawi zambiri amalankhula chiyankhulo chakumudzi, ndiye womasulira amaima pakati. Tsiku lina mnyamata wina anapezeka wolakwa pa milandu itatu. Woweruza anayamba kuwerenga chilango, ine ndikumasulira: mlandu woyamba zaka 4, wachiwiri zaka 4, wachitatu zaka 4. Mayi ake, amene anakhala pabenchi yakumbuyo, anali akuwerenga ndi zala. Atafika pa 12 anagwira kumutu n'kuyamba kulira. Woweruza anadikira pang'ono, kenaka anamaliza chiganizo chake ndi liwu limodzi loti *concurrently*. Ndinatembenuka kuti mayiwo andione pakamwa, n'kunena kuti zilango zonse zitatu ziyendera limodzi, mwana wanu akakhala zaka 4 zokha. Woweruzayo akanati *consecutively*, bwenzi zilangozo zitatsatizana, ndipo zala za mayi aja zikanakhala kuti zawerenga molondola.

Ana anga, mawu awiriwa amayamba mofanana, ndi aatali onse, ndipo m'khutu amamveka olemera chimodzimodzi. Koma pakati pawo pali zaka 8 za moyo wa munthu. Kuyambira tsiku limenelo sindinalolenso kutchula liwu limene ndikungolidziwa ndi nkhope.

Kwathu kuno ukakumana ndi mlendo sukhutira ndi dzina lokha. Umafunsa kuti kwanu n'kuti, mfunda wanu ndani, ndinu mwana wa yani. Akati ndi Phiri wa kwakutikwakuti, mwadziwana, mwinanso mwapezana chibale. Mawu a Chingerezi nawonso ali ndi kwawo ndi mfunda wawo. Tengani *concurrently* uja. Kachidutswa koyambirira, *con*, n'kochokera ku Chilatini ndipo kamatanthauza "pamodzi". Kapakatiko, *curr*, kamachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuthamanga. Zilango zothamanga pamodzi. Mukadziwa zimenezo, abale ake amayamba kutulukira okha. *Current* ndi madzi othamanga mumtsinje, ndiponso magetsi oyenda muwaya. *Currency* ndi ndalama, poti zimayenda m'manja mwa anthu. *Recur* ndi chinthu chobwereranso. Ngakhale *curriculum* imene aphunzitsi anu amatsata ndi njira yoti muthamangemo mpaka mutafika. Mnzake uja, *consecutively*, mfunda wake ndi wina, wochokera ku liwu lotanthauza kutsatira. Abale ake ndi *sequence*, ndondomeko ya zinthu zotsatizana, ndi *consequence*, chimene chimatsatira zimene wachita, ndi *prosecutor*, amene amalondola mlandu m'malo mwa boma. Mwafunsa mawu awiri okha, mwabwerako ndi mudzi wonse.

Luso limeneli si lachilendo kwa inu. Agogo anu amene sanaponde m'kalasi amadziwa kuti kuphika, kuphikira, kuphikitsa, kuphikidwa ndi wophika ndi ana a mimba imodzi. Mwana wa zaka zisanu akamva "kuphunzira" savutika ndi "mphunzitsi" kapena "maphunziro". Mumathyola ndi kulumikiza mawu tsiku ndi tsiku osazindikira. Chimene ndikupempha n'chakuti khasu lomwelo mulowe nalo m'munda wa Chingerezi. *Photosynthesis* imene imakuopsani mu Biology ndi mawu awiri a Chigiriki: kuwala, ndi kuika pamodzi. *Chlorophyll* ndi kubiriwira ndi tsamba. *Port* ndi kunyamula, choncho *export* ndi kunyamulira kunja monga tichitira ndi fodya ndi tiyi, *import* ndi kunyamulira m'kati monga feteleza ndi mafuta, ndipo *portable* ndi chinthu chonyamulika. Woloweza amasenza mawu anayi. Wodziwa tsinde amanyamula limodzi, enawo amamutsata pambuyo.

Mwina mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani Chingerezi chili ndi mawu awiri kapena atatu a chinthu chimodzi. Mbiri yake ilipo. M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy anawoloka nyanja n'kugonjetsa England. Kwa zaka mazana angapo olamula, oweruza ndi eni chuma ankalankhula Chifalansa, anthu wamba akulankhula Chingerezi chawo chakale, pamene tchalitchi ndi ophunzira ankalemba Chilatini. Wolishya ng'ombe ankaitcha *cow*, koma nyama yake ikafika patebulo la bwana inali *beef*. Nkhumba inali *pig* m'khola, *pork* m'mbale. Mawu ambiri amene ndinkagwira nawo ntchito, monga *judge*, *jury*, *justice* ndi *prison*, analowa kudzera m'Chifalansa chomwecho. N'chifukwa chake lero pali *ask*, pali *question*, palinso *interrogate*. Onse ndi kufunsa, koma sakhala nyumba imodzi. *Ask* ndi wa pakhomo, umafunsira mchere. *Interrogate* ndi wa kupolisi, kufunsa kopanikiza munthu wokayikiridwa. Mwana akalemba mu chimangirizo kuti anapita kumudzi kukachita *interrogate* agogo ake za mbiri ya banja, wolemba mayeso amaona kuti liwulo walitola panjira, sakulidziwa kwawo.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa. Tili ndi chizolowezi choombera m'manja mwana amene waponya liwu lalitali pa mtsutso, ngakhale liwulo litagwera pambali pa mfundo. Timati akuthyakula Chizungu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaona makalata ofunsira ntchito odzaza ndi mawu otupa, koma ukawerenga mpaka pansi sudziwa kuti munthuyo akupempha chiyani. Oweruza abwino kwambiri amene ndinawamasulirapo ankalankhula mawu afupiafupi, ndipo akatulutsa liwu lalikulu kunali chifukwa palibe lina limene likanakwana pamenepo. Chingerezi chapamwamba ndi chimenecho: liwu loyenera, pamalo pake.

Ndipo kusankha liwu mumakudziwa kale. Chingerezi chili ndi *wash*, koma inu mumasamba thupi, mumachapa zovala, mumatsuka mbale, mumasukusula kumaso. Mlendo atati akukachapa mwana, mudzi wonse ungadziwe kuti Chichewa wachiphunzira m'buku. Penanso zimatembenuka. Ife timati "ndamva" tikamva mawu, tikamva kupweteka, tikamva fungo, tikamvetsa nkhani. Chingerezi chimagawa zimenezo kukhala *hear*, *feel*, *smell* ndi *understand*. Ife tikhoza kunena "ndibwerekeni", koma iwo amasiyanitsa wolandira, amene amachita *borrow*, ndi wopereka, amene amachita *lend*. Malo oterewa, pamene ziyankhulo ziwiri zadula malire mosiyana, ndi pamene ana ambiri amapunthwa, ndipo suwaona malowo ngati Chichewa wachisiya pachipata cha sukulu. Aphunzitsi anga olemekezeka, ndikudziwa kuti mumafuna ana azilankhula Chingerezi kuti lilime lizolowere, ndipo ndikugwirizana nanu. Koma mukawaphunzitsa liwu latsopano, afunseninso kuti m'Chichewa tingati chiyani. Mwana amene sangathe kufotokozera agogo ake tanthauzo la *democracy* kapena *erosion* sanalimvebe liwulo.

A Fomu 4, tcherani khutu. Mukudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka, ngakhale mutachita bwino maphunziro ena. Koma Chingerezi sichithera pa pepala la Chingerezi. Funso la Geography likati *state*, likufuna mutchule basi. Likati *describe*, fotokozani mmene chinthucho chilili. Likati *explain*, perekani zifukwa ndi mmene zimachitikira. Likati *compare*, ikani ziwirizo pambalipambali. Ana ambiri amene amabwerako ku mayeso a MANEB akudandaula anali akuidziwa nkhaniyo, koma anayankha funso limene sanafunsidwe. Chenjeraninso ndi mawu aafupi ooneka ngati ozolowereka. *Cell* ya mu Biology si ya kupolisi. *Solution* ya mu Chemistry ndi madzi osungunuliramo kanthu, ya mu masamu ndi yankho. *Interest* ndi chidwi, komanso ndi chiwongoladzanja. Olemba dikishonale yaikulu ya Oxford atakhala pansi kusanthula kaliwu ka zilembo zitatu koti *run*, anapeza matanthauzo 645 a mneni yekhayo. Choncho mukatsegula dikishonale musamaime pa tanthauzo loyamba. Tsikani mpaka mupeze limene likugwirizana ndi chiganizo chanu.

Kodi mawu ofunika ndi angati? Katswiri wina wa ku New Zealand, Paul Nation, anawerengera kuti munthu afunika mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000 kuti aziwerenga nyuzipepala ndi mabuku a nthano za Chingerezi popanda kupunthwapunthwa. Musagwe mphwayi, chifukwa ambiri a iwo mumawatola powerenga. Mnzake wa pa yunivesite ya ku Wellington, Averil Coxhead, m'chaka cha 2000 anasonkhanitsa mabanja 570 a mawu amene amapezekapezeka m'mabuku a maphunziro apamwamba, monga *analyse*, *assume*, *significant* ndi *evident*. Mabanja atatu pa tsiku, pakutha pa masiku 190 mwamaliza onse. Chaka chisanathe.

Njira yake ndiitenga kwa anthu amene anamanga dikishonale ya Oxford ija. Mkonzi wake wamkulu, James Murray wa ku Scotland, anasiya sukulu ali ndi zaka 14, ziyankhulo zambiri anadziphunzitsa yekha. Anayamba ntchitoyo mu 1879, anamwalira mu 1915 isanathe, ndipo inamalizidwa mu 1928. Sanakhale pansi n'kumalota matanthauzo. Anapempha anthu wamba okonda kuwerenga kuti akapeza liwu m'buku, alembe pa kapepala chiganizo chonse chimene liwulo lilimo, n'kumutumizira. Timapepala timeneti tinafika mamiliyoni, ndipo tanthauzo la liwu ankalipeza poyala ziganizozo n'kuona mmene anthu alitchulira. Inunso chitani chimodzimodzi. Gulani kope limodzi, losalembamo china chilichonse. Mukakumana ndi liwu lachilendo, koperani chiganizo chonse chimene mwalipezamo. Yambani mwaganiza nokha tanthauzo poona mawu oyandikana nalo, kenaka mutsegule dikishonale. Lembani tanthauzo lake m'Chichewa, m'mawu anuanu. Lembani abale ake awiri kapena atatu. Pomaliza pangani chiganizo chanu chonena za kuno, za kudimba, za kumsika, za mpira wa Loweruka. Pakatha masiku atatu bwererani mukalione, pakatha sabata mubwererenso, chifukwa liwu limene mwakumana nalo kamodzi kokha silikhalitsa m'mutu. Mukasokonezeka funsani. Safunsa anadya phula.

Wina anena kuti kuno mabuku ndi ochepa. N'zoona, ndipo tisabise. Koma William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atalephera kupitiriza sekondale chifukwa cha fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale. Buku lotchedwa *Using Energy* analipeza Chingerezi chake chili chochepa, ndipo ankayang'ana zithunzi n'kumalondola mawu ozungulira chithunzicho mpaka atamva. M'menemo munatuluka makina amphepo opanga magetsi, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Nyuzipepala yakale imene mwakulungiramo usipa ili ndi mawu okwana kope lanu sabata yathunthu. Pepala la m'botolo la mankhwala, thumba la feteleza, nkhani za Chingerezi pa wailesi, zonsezo ndi munda.

Makolo anzanga, musati poti Chizungu simuchidziwa ndiye nkhaniyi si yanu. Madzulo mukamadya nsima, mufunseni mwana kuti lero waphunzira liwu lanji, ndipo akufotokozereni m'Chichewa mpaka inu mumve. Mukapanda kumva, abwerere kwa aphunzitsi mawa. Mupatseninso mpata wowerenga kusanade, makamaka mwana wamkazi, amene ntchito zapakhomo zimamudyera nthawi yonse ya kuwala.

Ndinakhala nawo m'mawa uno pamene mpikisano umafika kumapeto. Ndinakondwa kuona kuti oweruza sanangofunsa kalembedwe ka liwu, koma amafunanso tanthauzo ndi chiganizo. Mtsikana wina wa Fomu 2 atapatsidwa liwu loti *inaudible*, anaima kaye, milomo ikugwedera. Kenaka anati *in* ndi kukana, *aud* waimvapo mu *audio*, ndiye liyenera kukhala chinthu chosamveka. Liwulo anali asanakumanepo nalo, koma analifunsa mfunda wake ndipo linamuyankha. Mwana wanga, kulikonse kumene wakhala, m'khoti muja ndikanakonda kukhala nawe pambali panga.

Mayi Mphunzitsi Wamkulu, ndabwera ndi madikishonale ochepa, ena a Chingerezi chokhachokha, ena a Chichewa ndi Chingerezi. Pempho langa n'lakuti asakatsekeredwe m'kabati ya mu ofesi poopa kuti ang'ambika. Akhale m'makalasi, ade ndi manja a ana, ndipo akatha tidzafunafuna ena. Tsopano, Gogo Chalo, ndi chilolezo chanu, ndipemphe aphunzitsi a Chingerezi atiitanire opambana mmodzimmodzi, tiyambire a Fomu 1.